Kodi N'kulakwa Kukaona Zokongola Pamene Mnzathu Akuzizidwa?

Amayi anzanga mwa Ambuye, tonse tikudziwa mmene miyezi ya June ndi July imakhalira kuno ku Mzuzu. Chifunga chimakuta mzinda, mvula yowaza imayamba m'mamawa, ndipo zovala zimagona pachingwe osauma. Ku Ching'ambo, kumene nyumba zambiri zili m'dambo, chinyezi chimafika mpaka pamphasa. Ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, makanda amadwala chibayo, ndipo pa kaunjika juzi ndi bulangete zimakwera mtengo.

Tsono tiyerekeze kuti pa nyengo yotereyi gulu lathu lakonza zokaona zinthu zakale ndi zaluso ku Mzuzu Museum, nyumba imene inatsegulidwa mu 1986. Mayi wina angathe kuimirira n'kufunsa kuti, kodi ndalama za ulendowu sizingagulire gogo wina chofunda? Funsoli ndi la mtima wachifundo, ndipo tisalinyoze.

Malembo ali kumbali ya mayiyu. Pa Eksodo 22 munthu wotenga chovala cha mnzake ngati chikole akulamulidwa kuchibweza dzuwa lisanalowe, chifukwa mwiniwake alibe china chofunda. Yakobo, m'mutu 2 wa kalata yake, akudzudzula munthu amene amangofunira mafuno abwino mbale wausiwa osampatsa kanthu. Choncho ngati ndalama ili imodzi yokha, ndipo tikudziwa khomo limene mwana akugona osafunda, palibe chokambirana. Bulangete liyambe, ulendo udikire.

Koma nkhani siyithera pamenepo. Pa Marko 14 mayi wina ku Betaniya anathira mafuta onunkhira a mtengo wapatali pamutu pa Ambuye Yesu. Anthu anang'ung'udza kuti mafutawo akanagulitsidwa n'kuthandiza osauka, koma Ambuye anamuikira kumbuyo mayiyo. Pamenepa tikuphunzira kuti kukonda chokongola sikulanda chakudya pakamwa pa wosauka. Ndiponso tinene zoona: kawirikawiri ndalama imene takaniza ulendo siyifika n'komwe kwa gogo uja, imathera m'zina.

Taganiziraninso za zinthu zimene makolo athu Atumbuka, Atonga, Angoni ndi Ankhonde anatisiyira, zimene lero timapita kukaziona m'nyumba zoterezi. Anazipanga ndani? Sanali anthu achuma ayi. Anali agogo athu ogona pamphasa, amene ankazizidwa monga ife. Mtsuko umasunga madzi ngakhale ulibe mizere yokongoletsa, komabe woumba ankakhala pansi n'kuulemba mizereyo. Dengu limanyamula chimanga ngakhale lilukidwe mwachisawawa, komabe wolukayo ankasamala kalukidwe kake. Nayonso tchalitchi yathu yaikulu ya Petro Woyera pa Likoma, imene anayamba kumanga mu 1903 n'kuipatula mu 1911, inamangidwa ndi thukuta la anthu wamba a pachilumbapo. Umphawi sunawaletse kufuna chinthu chooneka bwino.

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Wosauka nayenso ali ndi maso. Amadziwa kusiyanitsa mphatso ndi zinyalala. Tikamasonkhanitsa zovala za nyengo yozizira, ena timabweretsa juzi yobooka, yosachapa, yoti ifeyo sitingaivale ngakhale kudimba, n'kumati bola afunde. Thupi lake lifundadi, koma mtima wake tauchititsa manyazi.

Kumbukirani Dorika wa ku Yopa pa Machitidwe 9. Atamwalira, amayi amasiye anaimirira pafupi ndi Petro akulira, n'kumamuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka. Munthu saonetsa mlendo nsanza. Anazionetsa chifukwa zinali zosokedwa bwino, ndipo zinawapatsa ulemu pakati pa anthu.

Nchifukwa chake ndikuti tipite kukaona zaluso, koma tisabwereko chimanjamanja. Amene amadziwa kuluka aphunzitse anzawo, ndipo tilukire makanda zipewa ndi masokosi a ulusi wa mitundu yosangalatsa. Chovala chopereka tichichape, tichisite, tisokerere batani losowa. Tikapita nacho tisangochisiya pakhomo, tikhale pansi ticheze. Tiwakumbutsenso eni nyumba kuti asagone ndi mbaula yoyaka m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wa makala umapha mwakachetechete.

Pa ulendo wotsatira, titengeko mayi mmodzi amene sangathe kudzilipirira. Nayenso ali ndi ufulu woona ntchito za manja a agogo ake. Paja akulu anati kupatsa n'kuika.

Mulungu amene anaveka maluwa akutchire atipatse maso oona chokongola, ndi manja ofunditsa mnzathu mwaulemu.