Loto la Yosefe ndi nkhokwe za Farao



Masiku ano mawu akuti "ndalota" akulemera kuposa kale. Pa wailesi, pa WhatsApp, ngakhale m'minibasi, simusowa munthu wodzitcha mneneri amene amamasulira maloto, ndipo ena amachita kulipiritsa. Kumudzi, kwathu ku Chapananga ndi m'madera ena a m'chigwa cha Shire, mawu omwewa amatha kupha munthu. Mwana akadwala, wina amangoti adalota gogo wakutiwakuti, basi mawa lake nkhalamba yosalakwa ayamba kuithawa pamjigo. Lamulo la dziko lino la chaka cha 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, koma wolota saopa lamulo, poti amadziona ngati Mulungu wamunong'oneza iye yekha. Apa ndiye pagona nkhani yathu lero: loto limavumbula mtima wa wolota lisanavumbule china chilichonse.

Yosefe adali ndi zaka 17 pamene adalota mitolo ya abale ake ikugwadira mtolo wake, kenaka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi 11 zikumuweramira. Malotowo adali oona. Koma onani m'mene adawanyamulira: adathamangira kukawafotokozera abale amene ankamuda kale chifukwa cha mkanjo uja, osati kamodzi koma kawiri. Aphunzitsi a Chiyuda samubisira mnyamatayu. Rashi, amene adakhala ku Troyes m'dziko la France kuyambira 1040 mpaka 1105, akufotokoza kuti Yosefe ankataya nthawi n'kukonza tsitsi lake kuti azioneka bwino. Akutikumbutsanso kuti mwezi wa m'lotomo unkaimira mayi ake, chonsecho Rakele adali atamwalira kale. Kuchokera pamenepa, buku la Talmud limaphunzitsa kuti palibe loto lopanda zachabechabe mkati mwake, monga palibe tirigu wopanda mankhusu. Amayi amene adapetapo mapira palichero akumva msanga zimenezi. Ngati loto la Yosefe lidali ndi mankhusu, nanji lanu ndi langa titagona ndi malungo kapena ndi mkwiyo?

Patapita zaka 13, tikumupeza Yosefe pamaso pa Farao, atatuluka m'chitsime, muukapolo ndi m'ndende. Farao akumuyamikira kuti ndi katswiri wa maloto, iye akukana ulemuwo, nanena kuti yankho lichokera kwa Mulungu. Ndipo atamasulira za ng'ombe 7 zonenepa ndi 7 zowonda, sakupempha mphatso. Akupereka nzeru ya ulimi: m'zaka za dzinthu, gawo limodzi mwa magawo 5 a zokolola lizisungidwa m'nkhokwe. Mnyamata uja ankalota za ulemu wake, pamene bambo uyu akuganiza za mimba za anthu.

Ife a kuchigwa nkhani ya ng'ombe zowonda si yachilendo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza, mlatho wautali mamita 180 umene tinkaunyadira, ndipo mu Malichi 2023 Freddy adabweranso. Zikachitika zotere, odziwa zonse amachuluka, aliyense n'kumati adaziona kale kutulo. Akuluakulu adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mneneri wake ndani adauza anthu kuti asunge thumba la mchewere pamalo okwera madzi asanafike?

Mfumu Nebukadinezara nayo idalota mtengo waukulu ukugwetsedwa. Daniele adaiuza mosapsatira kuti mtengowo ndi iyo yomwe, ndipo mankhwala ake ndi kuleka zoipa ndi kuchitira chifundo amphawi. Idapatsidwa miyezi 12. Miyeziyo itatha, idakwera padenga la nyumba yake n'kuyamba kudzitama ndi mzinda wa Babiloni, ndipo idathera kutchire, ikudya udzu ngati ng'ombe. Loto lidabwera kudzaitsitsa, iyo n'kukana kutsika.

Koma mutu umene ndimaukonda koposa ndi Numeri 12. Miriyamu ndi Aroni adayamba kumunena Mose, n'kumati Chauta amayankhulanso kudzera mwa iwo. Pomwepo buku likuchitira umboni kuti Mose adali wofatsa kuposa anthu onse a pa dziko lapansi. Chauta adawayankha kuti aneneri amawafikira m'masomphenya ndi m'maloto, koma Mose amayankhula naye pakamwa ndi pakamwa. Tamvetsani bwino: pamakwerero ofikira kwa Mulungu, loto lili pansi, kudzichepetsa kuli pamwamba. Amene adali pafupi kwenikweni ndi Chauta ndi uja sadatsegule pakamwa kudziteteza, ndipo Miriyamu atachita khate ndi yemweyo adamupempherera. N'chifukwa chake Mphunzitsi Sira, pa mutu 34, akufanizira wokhulupirira maloto ndi munthu wogwira chithunzithunzi ndi kuthamangitsa mphepo.

Sindikunena kuti Mulungu sayankhula kutulo. Yosefe Woyera, mwamuna wa Maria, adapulumutsa Mwana Yesu m'manja mwa Herode chifukwa cha loto, ndipo sitimva kuti adakalengeza pamsika. Ndikungopempha kuti m'malimana mwathu, wina asanaimirire kunena zimene walota, ayambe wadzifunsa: m'loto langali akugwada ndani, ndipo adya ndani? Ngati likutchula dzina la mnzanu kuti ndiye gwero la tsoka, musapite nalo kwina, bwerani nalo kwa bambo mfumu.

Loto la mitolo lija lidakwaniritsidwa patapita zaka zoposa 20. Abale 10 adagwadadi pamaso pa Yosefe ku Ejipito, ali ndi matumba opanda kanthu. Genesis 42 ikuti iye adakumbukira maloto ake, adawayankhula mwaukali, kenaka adapita pambali kukalira. Atabwerako adalamula kuti matumbawo adzazidwe ndi tirigu, ndipo ndalama za aliyense zibwezedwe m'thumba mwake.