CIPATA CA KUDZALA

Werengani Nehemiya 3.

Mutu uwu ambiri timaulumpha cifukwa ca maina ace obvuta kuchula. Koma m'menemo muli munthu mmodzi woyenera kumuyang'anitsitsa caka cino. Pomanganso linga la Yerusalemu anthu anagawana zipata: ansembe anamanga ca nkhosa, ena ca nsomba, ena ca kukasupe. Cinalipo cina copanda ulemu, ndico cipata ca kudzala, potulukira zonyansa za mudzi wonse. Anacimanga Malikiya mwana wa Rekabu. Ndipo iyeyu sanali kapolo ai, anali mkulu wolamulira dera la Betehakeremu. Omveka a ku Tekowa anakana kuweramira nchito, ndipo manyazi ao alembedwa kufikira lero. Malikiya analandira khomo lonunkha, naikapo zitseko ndi mipiringidzo monga anacitira anzace pa zipata zaulemu.

Ife tikhala pafupi ndi mzinda umene dzina lace lomwe ndi Chipata. Katundu alowamo kucokera ku Lusaka ndi ku Malawi, napitirira pa mseu wa Lundazi kufikira midzi yathu ya Chipangali: shuga, sopo, mafuta, mankhwala a kumunda, ciri conse m'cobvala cace ca pulasitiki. Polowera alipo ambiri. Nanga potulukira pali kuti?

Dzala la makolo athu linali lofatsa. Ankatayapo phulusa, makoko a nsawawa, zitsononkho ndi mapale; mvula ikagwa zambiri zinkabwerera kunthaka, ndipo dzungu lonona koposa linkayanga pomwepo. Ife tasunga dzanja lotaya la makolo, koma zotayidwa zasandulika. Thumba la pulasitiki siliola. Mbuzi kapena ng'ombe ikalimeza likhala m'cifu, nyama nkumaonda pang'onopang'ono, mwini wace nkuyamba kuganizira mnansi za ufiti. Citini cotayidwa cisunga madzi, mubadwa udzudzu. Mukatentha pulasitiki pakhomo, utsi wace ulowa m'cifuwa ca mwana ali kumbuyo kwa amace.

Coopsa koposa kwa ife alimi a thonje ndi fodya ndilo botolo la mankhwala opopera. Liri lolimba, liri ndi citsekero cabwino, ndipo mtima umati: Nkutayiranji cinthu cotere? Tsono wina asungiramo mcere, wina mafuta, wina apatsa mwana kuti atengeremo madzi a kusukulu. Abale, kumeneku si kusamala cuma, ndiko kusunga njoka m'nkhokwe. Alangizi a zaulimi aphunzitsa kuti botololo mulitsuke katatu, madzi otsukirawo muwathire m'mpope momwemo, osati kumtsinje kapena kudimba, ndipo muliboole kuti wina asaligwiritsenso nchito.

Dziko lathu lalawa kale malipiro a uve. Kolera anabuka mu Lusaka m'caka ca 2017, nabweranso ndi ukali woposa kuyambira mu Okutobala 2023. Ulendo waciwiriwu anamwalira anthu oposa 700, bwalo la masewera la Heroes linasanduka cipatala, ndipo ana anacedwa kutsegulira sukulu kufikira Febuluwale 2024. Nthendayi iyenda ndi madzi ndi cakudya codetsedwa. Ndipo ngalande yotsekeka ndi zinyalala ndiyo ibweza madzi oipa kunka ku zitsime. Tisanene kuti izi nza m'tauni zokha. Citsime ca pamudzi sicidziwa malire a mzinda.

Boma linacita mbali yace. M'caka ca 2018, caka comwe Chipangali anakhala boma paokha, nyumba ya malamulo inaika lamulo la kasamalidwe ka zinyalala, ndipo matumba opyapyala a pulasitiki analetsedwa. Nzabwino zimenezo. Koma galimoto yotola zinyalala siidzafika pa khomo liri lonse la kumudzi, ndipo lamulo siligwira khasu. Nehemiya anadziwa ici: ambiri mwa omanga aja anamanga yense pandunji pa nyumba yace, ndipo linga linatha masiku 52.

Kwa ena nchito yotere ioneka yacabe, yoyenera akazi ndi ana. Awerenge Deuteronomo 23, pamene Mulungu alamulira amuna a nkhondo kuti yense akhale naco cokumbira, afotsere zonyansa zace kunja kwa cigono. Cifukwa cace sanati nchenche. Anati Iye mwini ayenda pakati pao. Ngati ayenda m'cigono ca asilikari, kodi kuseri kwa nyumba zathu sayendako?

Tsono bambo wa pakhomo akumbe maenje awiri mvula isanayambe, kumunsi kwa citsime ndi kutali naco, mamita osacepera 30. Loyamba likhale la zoola: makoko, masamba, phulusa ndi ndowe. Limenelo lidzakubwezerani manyowa, pakuti feteleza sali wochipa. Laciwiri likhale la zosaola, lofotsera bwino, kuti ana ndi ziweto asafikeko. Mabatire a tochi ndi a wailesi asaponyedwe pamoto kapena m'dzenje la manyowa.

Ndipo inu akulu a mpingo, mukumbukire bwalo la chalichi m'mawa mwace utatha msonkhano waukulu: mabotolo, mapepala ndi matumba ali mbwee m'udzu, pamene dzulo tinaimbapo nyimbo zoyamika Mlengi. Pogawa nchito za msonkhano wa caka cino, polemba olandira alendo ndi ophika, mulembenso okumba dzenje ndi otola. Ndipo dzina loyamba pamndandanda umenewo likhale la mkulu wa mpingo.