Misozi imene sinatuluke ku Katete

Pa malilo a atate anga ku Katete sindinalile. Amuna tinagona panja pafupi ndi moto, azimayi analila m'nyumba usiku wonse, ndipo ine, pokhala mwana woyamba, ndinali kuthamangila bokosi, galimoto, ufa ndi nkhuni. Titacoka kumanda, amalume anandigwila phewa nati, "Mphwanga, walimba mtima, wacita bwino."

Patapita miyezi 8, ndili ndekha usiku m'nyumba ku Lusaka, YouTube inandibweletsela mayi wina wa ku Japan akuimba. Sindinamve liwu ngakhale limodzi, koma nyimbo isanathe misozi inali itanyowetsa kolala ya shati. Mayiyo anali Misora Hibari, woimba wochuka wa nyimbo za enka, amene anamwalila mu 1989 ali ndi zaka 52. Nyimboyo inali Kanashii Sake ya mu 1966, ya munthu amene akumwa yekha kuti aiwale wokondedwa amene anasiyana naye. Hibari mwiniwake anali kugwetsa misozi poiimba.

Nditapukuta nkhope ndinacita manyazi, ndipo funso limene linabwela usiku umenewo likali kundivuta. Kodi misozi yolilila nyimbo ndi yoona? Nanga munthu amene anakanika kulila atate ake omubala, n'koyenela kuti alile cikondi ca anthu osawadziwa, m'cinenelo cimene sacimva?

Mlandu woyamba ndinaupeza kwa William James. M'buku lake la mu 1890, The Principles of Psychology, anakamba za mayi wolemela wa ku Russia amene akulila poonelela sewelo, pamene woyendetsa ngolo yake akufa ndi mphepo panja pomudikilila. James anali kuopa kuti munthu akazolowela kumva cifundo popanda kucitapo kanthu, cifundoco cimasanduka cosangalatsa cabe. Misozi ya nyimbo ilibe mtengo. Nyimbo ikatha palibe amene akupempha ndalama za sukulu, palibe wamasiye wofunika kumucezela. Kwathu timati malilo n'kulilana, koma ine usiku uja sindinalilane ndi aliyense.

Mlandu waciwili ndi wakuti sindinali kumva mau. Mu 1961 Sakamoto Kyu anatulutsa nyimbo yochedwa Ue o Muite Arukou. Mu 1963 inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America, koma kumeneko inagulitsidwa pa dzina lakuti Sukiyaki, dzina la cakudya ca nyama ya ng'ombe, losagwilizana konse ndi nkhani yake. Maimbidwe ake ndi opepuka, muli ngakhale likhwelu, cotelo wosamva Cijapani angaganize kuti ndi nyimbo yacisangalalo. Koma imakamba za munthu wosungulumwa amene akuyenda ataweramutsa mutu kuti misozi isagwe. Ngati khutu lingasoceletse motelo, ndingadziwe bwanji kuti cimene ndinamva kwa Hibari cinalimodi, osati ndinaikamo ndekha?

Ndavomela kuti ndinaikamo ndekha. Koma kuvomelako kwandionetsa cinthu cina. Munthu wa m'nyimbo ya Sakamoto, woyenda akuimba likhwelu kuti asaoneke kuti akulila, ndi ine wa ku Katete. Ndipo cimene cinandigwila m'mau a Hibari cinali kudziletsa kwake. Oimba enka ali ndi luso lochedwa kobushi, pamene liwu limagwedezeka ndi kupindika pa silabulo imodzi. Kwa ine limamveka ngati munthu amene akumeza kulila kuti amalize cimene akukamba. Kumeza koteloko ndinali kukudziwa bwino. Ndinakucita masiku atatu a malilo, ndi miyezi 8 pambuyo pake.

Motoori Norinaga, katswili wa ku Japan amene anakhalako kuyambila 1730 mpaka 1801, analemba zambili za mono no aware, kukhudzika mtima ndi zinthu monga mmene zilili, makamaka zosakhalitsa. Kwa iye, nchito ya ndakatulo ndi nthano sinali kulangiza anthu makhalidwe, koma kuwathandiza kumva cimene ciyenela kumveka, ndipo munthu wosakhudzika pamene mpofunika kukhudzika anali wopelewela. Norinaga akanati misozi yanga ndi umboni wakuti mtima ukali wamoyo. James akanafunsa kuti mtimawo wacita ciani kutaca.

Ndiganiza kuti onse awili akukamba zoona, ndipo aliyense payekha sakwanila. Misozi ija sinali yabodza, cifukwa inacokela pa bala leni-leni. Nyimbo yacilendo inakwanitsa kuitulutsa cifukwa sinali kundidziwa: sinali kuyembekezela kuti mwana woyamba alimbe mtima. Koma misoziyo sinalipile ngongole iliyonse. Inangondikumbutsa kuti ngongole ilipo. James yemweyo analangiza kuti munthu akakhudzika ndi nyimbo, acite kanthu kabwino pambuyo pake, ngakhale kakang'ono, monga kulankhula mokoma kwa wacibale kapena kupatsa wina mpando.

Ngongole yanga ndinali kuidziwa. Cimwalilile atate, ndinali kutumiza ndalama kwa amayi pa foni mwezi uliwonse, koma kuwaimbila ndinali kuzemba, poopa kumva nyumba ija ili zii kumbuyo kwa mau ao. M'mawa mwake ndinaimba. Tinakamba za mvula ndi feteleza, kenaka ndinati, "Amama, ndawasowa atate." Anakhala cete kwa kanthawi, kenaka anati, "Ndinali kudabwa kuti mwana wanga adzakamba liti." Tinalila tonse awili, foni ili kukhutu, mpaka mayunitsi anatha.

Sindikufuna kudzinamiza kuti ndacila. Ndimamvetselabe Hibari, ndipo nthawi zina ndimalila, n'kugona, osacita kalikonse, ngati mayi uja wa ku Russia. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano nyimbo ikatha ndimadzifunsa kuti ndani akundidikilila panja pa mphepo. Kawili-kawili dzina lake ndimalidziwa, ndipo nambala yake ili m'foni imene ndagwila m'manja.