Khungwa la Mlambe ndi Dayamondi wa ku Chiadzwa

Pakati pa amisiri ndi akatswiri olemba mapulani a nyumba ndi a katundu wa m'nyumba pafala chiphunzitso chakuti chinthu chopangidwa ndi zomera, monga luzi, nsungwi, bango, mlaza kapena udzu, chimaposa cha pulasitiki kapena simenti, chifukwa chimachokera m'nthaka, chimaola n'kubwerera komweko, ndipo china chimamera m'malo mwake. Chiphunzitsochi si chabodza, koma chimadumpha funso limene chipembedzo cha makolo chinalisamala kwambiri: kodi mphamvu yoti chinthu chibwerere ili m'chomera chokhacho, kapena ilinso mwa anthu amene amadziwa nthawi yotenga ndi nthawi yoleka? Mbiri ya mudzi wa Arda Transau, pafupi ndi Odzi kumadzulo kwa mzinda wa Mutare ku Zimbabwe, imaonetsa kuti yankho lachiwiri ndilo lolemera.

Arda Transau inali famu ya boma yoyendetsedwa ndi bungwe la zaulimi la ARDA. Dayamondi atadziwika ku Chiadzwa m'dera la Marange mu 2006, ndipo makampani monga Mbada Diamonds ndi Anjin atapatsidwa malo okumba, mabanja oposa 1,000 anasamutsidwira pa famuyi kuyambira cha mu 2010. Banja lililonse linalandira nyumba ya njerwa, kamunda kakang'ono ndi ndalama zokwana madola 1,000 a ku America za chipukutamisozi, ndipo manda ena a kwawo anafukulidwa kuti migodi ipeze malo. Mu 2016 boma linathamangitsa makampaniwo n'kupereka migodi ku kampani yake ya ZCDC, koma malonjezo ambiri, makamaka a ulimi wothirira, anatsala osakwaniritsidwa.

Chimene sichinalowe m'kaundula wa zinthu zofunika kulipiridwa ndi mitengo ya mlambe. Chiadzwa ili kumalo otsika, otentha ndi ouma a m'chigwa cha mitsinje ya Save ndi Odzi, ofanana ndi chigwa cha Shire, kumene chimanga chimakanika kawirikawiri koma mlambe umakondwa. Anthu a m'chigwa cha Save ndi Odzi amadya ndi kugulitsa malambe, amaphika masamba ake anthete, ndipo amasenda khungwa lake, kulisasantha mpaka luzi litalekana, kulinyika mu utoto wochokera ku mitengo ina, kulipota n'kulukira mikeka yopondapo, zikwama ndi zipewa, zimene apaulendo amaziona zitayalidwa m'mbali mwa msewu wa Mutare kupita ku Masvingo, ku Nyanyadzi ndi ku Birchenough Bridge. Mlambe uli ndi khalidwe losowa pakati pa mitengo, chifukwa pamene mombo kapena mtengo wina wamba umauma ukasendedwa kuzungulira thunthu lonse, mlambe umaphimba bala lake ndi khungwa latsopano limene limamera kuchokera m'thunthu momwemo. Komabe kuchiraku kumatenga zaka zingapo, ndipo luzi lapachipsera silikhala labwino ngati loyamba lija.

Apa ndi pamene chiphunzitso chija chimaperewera. Dayamondi nayenso ndi wachilengedwe, sanapangidwe m'fakitale, ndipo ngwakale kuposa mtengo uliwonse. Kusiyana kwake n'kwakuti akachotsedwa sabwerera m'nthawi imene mtundu wa anthu ungaidikire. Mlambe umabwerera, koma umabwerera pokhapokha wapatsidwa mpata, ndipo ukapanda kupatsidwa mpatawo umasanduka mgodi ngati wina uliwonse. Zimenezi zinaoneka m'chigwa chomwechi pambuyo pa chilala cha 1992, pamene njala ndi kusowa kwa ntchito zinakankhira mabanja ambiri ku malonda a mikeka, mitengo n'kuyamba kusendedwa mobwerezabwereza isanapole. Wogula mkeka wotere ku Harare kapena ku Johannesburg akhoza kukhulupirira ndi mtima wonse kuti wathandiza chilengedwe, pamene wagula chinthu chotengedwa mwa njira yofanana ndi ya wokumba miyala, ngakhale kuti wosendayo sanachite zimenezi chifukwa cha dyera koma chifukwa cha njala, ndipo kumuweruza mofanana ndi kampani ya migodi kungakhale kulakwa kwakukulu.

Kudikira kumene mtengo umafuna sikuchokera m'msika, popeza msika umalipira wofulumira. M'madera ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa kudikirako kunkasungidwa ndi chipembedzo. Ashona ali ndi chisi, tsiku loikika limene munthu saloledwa kugwira khasu m'munda polemekeza mizimu ya eni dziko, ndipo buku la Levitiko, mutu 25, limene akhristu a ku Marange amaliwerenga, kuphatikizapo a mpingo wa Johane Marange umene unayambira m'dera lomweli mu 1932, limalamula kuti nthaka ipumule chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, pa chifukwa chakuti mwini wake weniweni si wolimayo. Malamulo awiriwa amachokera ku miyambo yosiyana, koma onse amamuika munthu pa udindo wa wobwereka, amene sangatenge zonse zimene manja ake angathe kutenga.

Achewa ndi Amang'anja anafika patali kuposa pamenepa, chifukwa anapanga kuola kwa zipangizo kukhala mbali ya kupembedza. Kachisi wa Mbona m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, amene wansembe wofufuza za chikhalidwe Matthew Schoffeleers analemba zambiri za iye, amamangidwa ndi mitengo ndi udzu, ndipo akagwa amayenera kumangidwanso mogwirizana ndi mafumu ndi anthu awo, kotero kuti kufooka kwa udzu ndiko kumakakamiza mtundu kukumananso ndi kuthetsa mikangano yake. Kachisi wa simenti akanakhala zaka zambiri osasowa munthu, ndipo n'chifukwa chake akanakhala wosauka pa zauzimu. Momwemonso kasiyamaliro wa gule wamkulu, chilombo cholukidwa ndi nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, amatenthedwa mwambo ukatha, ndipo luso lake limasungidwa m'manja mwa oluka amene adzayenera kulukanso pa maliro ena. M'miyambo yonseyi chokhalitsa si chinthu chopangidwacho ayi, koma pangano la pakati pa amoyo, akufa ndi malo amene zipangizozo zimamera.

Kusamutsa mudzi kumadula pangano lotere pa mfundo zake zonse nthawi imodzi. Woluka amene wafika ku Arda Transau amafika ndi luso lake lonse, koma amapeza dziko lokwera ndi lozizirirapo, losiyana ndi chigwa cha milambe. Sadziwa dambo la udzu wofolera, mtapo wa dothi la mbiya kapena mtengo wa utoto, ndipo ngakhale atazipeza sadziwa amene ali ndi mphamvu yomuloleza kapena kumuletsa, popeza famu ya boma ilibe manda a makolo ake. Munthu wotere akamadula mitengo n'kukagulitsa nkhuni kuti ana adye, olankhula za chilengedwe amafulumira kumutcha wowononga, osaona kuti zifukwa zonse zimene zinkamuchititsa kudziletsa zinatsala ku Chiadzwa kuseri kwa mpanda wa mgodi.

Pachifukwa ichi, mabungwe amene amafuna kutukula luso la zolukaluka m'midzi ya anthu osamutsidwa amayambira pakati akamayamba ndi maphunziro a kalukidwe katsopano ndi kufunafuna misika, chifukwa funso loyamba ndi la malo ndi la nthawi. Mlambe wodzala ndi njere umatenga zaka zambiri usanabale, ndipo amene angaudzale ndi yekhayo amene ali ndi chikhulupiriro chakuti adzukulu ake adzakhala pamalo pomwepo. Anthu a ku Arda Transau, kudzera m'bungwe lawo la Arda Transau Relocation Development Trust, akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti alibe zikalata zowatsimikizira umwini wa malo amene anapatsidwa, ndipo banja limene linasamutsidwapo kale kamodzi lili ndi chifukwa chomveka chokayikira ngati lidzaloledwa kukolola zimene lingadzale lero.