Mpando Wobwereka

Mfumu ikachokapo pamudzi milandu siima. Nduna imodzi imakhala pampando wa mfumuyo n'kumamva madandaulo a anthu kufikira mwini wake atabwera. Komatu ndunayo ili ndi abale ndi akamwini m'khamu lomwe lakhala pansilo, ndipo mawa idzatsika n'kukakhala nawo pamphasa imodzi. Kodi munthu wotere angaweruze mopanda kukondera? Funso lomweli ndi limene limasautsa wachiwiri kwa wapampando m'nyumba za malamulo za maiko ena.

Dziko la Malawi lili ndi nyumba ya malamulo imodzi. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 adakonza zoti pakhale nyumba yachiwiri yotchedwa Senate, koma ndime zimenezi zidafafanizidwa mu 2001 nyumbayo isadakhazikitsidwe n'komwe. Ku India kuli nyumba ziwiri. Aphungu a Lok Sabha amasankhidwa ndi anthu wamba, pomwe ambiri mwa aphungu 245 a Rajya Sabha amasankhidwa ndi nyumba za malamulo za m'zigawo. Bilu isadakhale lamulo imayenera kudutsa m'nyumba zonse ziwiri, kuti chimene adachiphonya oyamba achione achiwiri.

Wapampando wa Rajya Sabha ndi wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, ndipo iyeyo si phungu. Wachiwiri wake ndiye amasankhidwa ndi aphungu kuchokera pakati pawo, monga ikunenera ndime 89 ya malamulo aakulu a India. Akasankhidwa sataya chipani chake. Mpandowo amaulandira kuchokera kwa ochuluka, koma amene amaudalira kwambiri ndi ochepa, popeza ochulukawo amatetezedwa kale ndi kuchuluka kwawoko. Apa ndi pamene pagona vuto lonse.

Pa 20 Sepitembala 2020 pampandopo padali Harivansh Narayan Singh, mtolankhani wakale wa chipani cha Janata Dal (United), chimene chinkagwirizana ndi boma. Nyumba inkakambirana mabilu awiri a zaulimi. Boma linkati mabiluwo apatsa alimi ufulu wogulitsa mbewu zawo kunja kwa misika yoyang'aniridwa ndi boma. Alimi ambiri, makamaka a ku Punjab ndi Haryana, ankaopa kuti mtengo wokhazikika umene boma limagulira tirigu ndi mpunga udzatha pang'onopang'ono. Otsutsa adapempha kuti mabiluwo apite kaye ku komiti, ndipo adafunanso kuti mavoti awerengedwe mmodzimmodzi. M'nyumba mudabuka chipwirikiti. Aphungu ena adathamangira kutsogolo, kung'amba mapepala ndi kulimbana ndi maikolofoni. Pakati pa phokosolo Harivansh adaitanitsa voti yapakamwa, ija yoti ovomera afuule kenaka okana afuulenso, ndipo adalengeza kuti ovomera apambana.

Pambuyo pake iye adadziteteza ponena kuti phungu wofuna kuti mavoti awerengedwe ayenera kupempha ali pamalo pake, ndiponso kuti n'kosatheka kuwerenga anthu amene akuyendayenda. Mfundo imeneyi si yopepuka. Kukadakhala kuti aliyense wofuula kwambiri akhoza kuimitsa nyumba, dziko likadamalamulidwa ndi a mmero waukulu. Otsutsawo adalakwa, ndipo tsiku lotsatira asanu ndi atatu mwa iwo adaimitsidwa.

Komabe kulakwa kwa otsutsa sikuyeretsa wokhala pampando. Voti yapakamwa imadalira khutu la munthu mmodzi, ndipo tsiku limenelo khutulo lidali la munthu wa mbali ya boma, m'chipinda momwe ngakhale woyandikana naye sankamveka. Ena amati boma likadapambanabe, nanga kuwerengako kukadasintha chiyani? Kukadasintha zambiri. Munthu wogonja ataona manambala amapita kwawo ali wokhumudwa, koma amadziwa kuti wagonjadi. Wogonja mongouzidwa amapita ndi chikaiko, ndipo chikaiko chimenecho amakachigawira anthu amene adamutuma. Kuwerenga kumaonetsanso poyera amene adavomera ndi amene adakana, kotero kuti mlimi akhoza kufunsa phungu wake chifukwa chimene adavotera motero. Wachiwiri kwa wapampandoyo adali ndi mphamvu yoimitsa zokambirana mpaka mitima itazizira, ngakhale kufikira mawa lake, n'kudzawerenga bwinobwino. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabilu okhudza chakudya cha anthu miyandamiyanda sakadaola chifukwa chogona usiku umodzi.

N'zoona kuti palibe munthu amene angavule maganizo ake monga avulira malaya. Malamulo nawo sayembekezera zimenezo. Chimene amachita ndi kumanga manja a wokhala pampandoyo: ndime 100 imamuletsa kuvota pokhapokha mbali ziwirizo zitalingana. Ngati lamulo limamumana ngakhale voti yake imodzi, n'chapafupi kuona kuti silingafune kuti khutu lake lilowe m'malo mwa mavoti a nyumba yonse pamene pali mkangano.

Aphungu oimitsidwa aja adagona panja, pakapinga wa nyumba ya malamulo. M'mawa wa pa 22 Sepitembala Harivansh adawapititsira tiyi ndi manja ake. Iwo adakana kumwa, ndipo iye adalengeza kuti asala kudya tsiku limodzi chifukwa cha chipongwe chimene adachitiridwa m'nyumba muja. Ambiri adayamikira mtima wake, ndipo n'kutheka kuti udalidi mtima wabwino. Koma tiyi ndi mphatso imene munthu amapereka akafuna, pomwe chimene aphunguwo ankalirira chidali ngongole ya mpando umene iye adakhalapo. Zipani zotsutsa zidayesa kumuchotsa paudindo, koma wapampando Venkaiah Naidu adakana pempholo ponena kuti malamulo amafuna chidziwitso cha masiku 14.

Kuyambira mu Novembala 2020 alimi adamanga misasa m'misewu yolowera mu mzinda wa Delhi ndipo adakhala kumeneko kopitirira chaka, m'chisanu ndi m'dzuwa. Pa 19 Novembala 2021 nduna yaikulu Narendra Modi idalengeza kuti malamulo a zaulimi aja achotsedwa. Patatha masiku khumi bilu yowafafaniza idadutsa m'nyumba zonse ziwiri popanda mtsutso weniweni, ndipo ku Rajya Sabha nayonso idadutsa ndi voti yapakamwa.