Dzanja la kholo lilekeze pati?

Mu 2021 sukulu za ku Zimbabwe zinayamba CALA, ntchito zofufuza zomwe zinkapereka 30 peresenti ya malikisi a mayeso a ZIMSEC. Posakhalitsa makolo ambiri ndiwo ankazilemba, ena mpaka kugula zolembedwa kale. Mu 2024 boma linathetsa CALA n'kunena kuti mapulojekiti azichitikira kusukulu. Koma funso la kholo lidakalipo.

Taganizirani mtsikana wa Giredi 7 ku Warren Park, komwe mipopi imatha masiku ili youma. Akupanga sefa ya madzi ndi botolo, mchenga, makala ndi timiyala. Madzi akutuluka amatope. Bambo ake akuona vuto: mchenga sunatsukidwe. Atani?

Akakonza okha, sefa igwira ntchito, malikisi abwera, koma mwana aphunzira kuti zikavuta amadikira wamkulu. Akangomusiya alire, ndi nkhanza. Chovuta, koma choyenera, ndi kufunsa: "Mchengawu unautapa kuti? Tauthira madzi pawokha tione."

Sayansi imaphunziridwa polakwitsa ndi kufufuza chomwe chalakwika. Kholo lolanda mwana mpata umenewu lamubera, ngakhale litatero mwachikondi. Chimodzi chokha limuuze mosazungulira, poti chikukhudza moyo: madzi osefawo, ngakhale ayere bwanji, awiritsidwe asanamwedwe.