Kodi Nkoyenera Kugulitsa Malo Opanda Madzi?

Ku Arizona, m'dziko la America, mvula njochepa, koma anthu osamukirako ngochuluka, ndipo mzinda wa Phoenix wakula ndithu. Madzi ena amawapopa pansi pa nthaka, ena amachokera ku mtsinje wa Colorado m'ngalande ya makilomita oposa 500.

M'chaka cha 1980, Bruce Babbitt ali bwanamkubwa, kunaikidwa lamulo lomangiriza nkhani ya malo ndi nkhani ya madzi. Munthu wofuna kugawa malo ake ndi kugulitsa mapuloti m'madera a Phoenix ndi Tucson ayambe waonetsa kuti madzi alipo okwanira zaka 100. Akalephera, chilolezo palibe.

Mwini malo angathe kudandaula kuti malowo ngake, ndipo wogula ndi munthu wamkulu wodzisankhira yekha. Angawonjezenso kuti nyumba zikachepa mtengo umakwera, ndipo wovutika ndi mmphawi. Dandauloli silachabe.

Komatu madzi apansi sadziwa malire a munda. Wokumba chitsime chakuya amaumitsa cha mnzake. Wogula amaona nyumba ndi msewu, koma pansi pa nthaka saonapo. Ndipo adzukulu odzabadwira m'nyumbamo sakhalapo tsiku la malonda kuti adzinenere. Tsono wogulitsa akadziwa kuti madzi ngoperewera nakhala chete, wanyenga mnzake, ngakhale sananene bodza ndi pakamwa.

Zimene zinachitika ku Rio Verde Foothills ndizo umboni. Pakuti lamulo silinakhudze wogawa malo m'zigawo zisanu kapena zocheperapo, nyumba zambiri zinamangidwa popanda chitsimikizo cha madzi, ndipo mabanja mazanamazana ankagula madzi obwera pa galimoto kuchokera ku Scottsdale. Pa 1 Januwale 2023 mzindawo unaleka kuwagulitsa, posunga madzi a anthu ake chifukwa cha chilala. Amene anasauka ndi ogula. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Mu Juni chaka chomwecho bwanamkubwa Katie Hobbs analengeza kuti boma liyamba laleka kupereka zitsimikizo zatsopano zodalira madzi apansi m'dera la Phoenix.

Motero lamulo lotere silimlanda munthu malo ake, koma limletsa kugulitsa chimene alibe. Ndipo pamene lamulo lasiya mpata, wogulitsa sakhala womasuka ayi: mnzake akadzafika pa mpopi wouma, mlandu ngwake.